Magazi Obiriwira a Pius

Pius ndi msuweni wanga. Mayi ake, azakhali a Bibiana, ndi mlongo wawo wa bambo anga. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asanene kuti Edna alibe ulemu. Kwathu kuno msuweni umamunyoza mmene wafunira, ndipo alibe koti akadandaule. Iyeyo wakhala akundinyoza chibadwire. Lero ndi tsiku langa.

Anabadwira m'mudzi mwathu momwemu, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera pa Golomoti. Bambo ake, a Jeremiah, ali ndi ndime ya mpunga ku Bwanje. Mayi ake amalima tomato kudimba n'kumakagulitsa m'mbali mwa msewu. Pius anali mwana wofatsa, wa chimutu chachikulu ndi timiyendo tonga ta kakowa. Ukamutuma kumjigo apita, kuchigayo apita. Koma kumutuma kukathyola tomato kunali kudziputira mkwiyo wekha.

"Ukathyole wakupsa yekhayekha, wamva?" azakhali ankatero.

Iye n'kubwera ndi dengu lodzadza, theka wakupsa, theka wosapsa woti gwa! Azakhali ankatola mmodzi n'kumuyandikizira pamphuno.

"Wapsa ameneyu?"

"Wapsa."

"Nanga uyu?"

"Nayenso wapsa."

Ankamukwapula, iye n'kumalira modabwa ngati munthu amene akumenyedwera mlandu wa mnzake. Kenaka anatulukira nzeru yake: kufinya. Wofewa ndiye wakupsa. Kuyambira pamenepo tomato wa azakhali ankafika pamsika ali ndi zidindo za zala, ogula n'kumafunsa ngati wachita ngozi panjira. Mapeto ake anamuchotsa kudimba n'kumupatsa mbuzi kuti azidyetsa. Tonse tinagwirizana chimodzi, kuti ankachitira dala pofuna kuthawa ntchito. Ine ndinkamusirira.

Kubusa kumeneko n'kumene anayambira kujambula. Anayamba ndi kamtengo pamchenga, kenaka makala pakhoma la bafa, kenaka bolopeni kumapeto kwa makope. Tsiku lina anajambula a hedimasitala ndi makutu awo onse, osachepetsako, ndipo chithunzicho chinayenda sukulu yonse mpaka chinafika kwa eni makutuwo. Anamupatsa chibalo chokumba dzenje. Mawa lake anamuitananso kuti awajambulire mapu a Malawi pakhoma la ofesi. Loweruka ankaba njinga ya bambo ake n'kupita ku Mua kukaonerera anthu osema ziboliboli, n'kubwerako ndi njala ndiponso nkhope za anthu osawadziwa zodzadza kope.

Zonsezi zinali za choko, makala ndi bolopeni. Makrayoni anawagwira kamodzi kokha, tili sitandade 5, mlendo wina atabweretsa katoni yonse pasukulu. Pius anajambula mbuzi yokongola, ndi ndevu zake zomwe, n'kuipaka yonse kuti biriwiri ngati masamba a mpiru.

"Mbuzi ya kwanu imeneyi?" anafunsa aphunzitsi.

"Ee, ya abambo."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Pius anayang'ana uku ndi uku, nayenso n'kuyamba kuseka, kuposa ife tonse. Kuyambira tsiku limenelo anatchuka kuti ndi wanthabwala.

Mayeso a fomu 4 anakhoza bwino, moti dzina lake linatuluka pa osankhidwa kupita ku yunivesite ina ku Blantyre. Azakhali anaimba nthungululu mpaka mawu anasasa. A Jeremiah anavala jekete dzuwa lili paliwombo, kutentha kwa kuno mukukudziwa, n'kumayendayenda m'mudzi kuti anthu awafunse. Vuto linabwera pamene anthu anafunsadi.

"Akukaphunzira chiyani mwanayu?"

"Gilafiki dizayini."

"Ndiye kuti chiyani?"

A Jeremiah anabwerera kunyumba kukafunsa mwini wake. Pius anafotokoza kuti ndi maphunziro okonza maonekedwe a zinthu zoti anthu aziwerenga ndi kuona: zikwangwani, zikuto za mabuku, timapepala tomata pa mabotolo, zizindikiro za makampani. A Jeremiah anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuvula jekete. Iwo mumtima anali atamuona kale mwana wawo ali mlangizi wa zaulimi, akudutsa ku Bwanje pa njinga yamoto, anthu akumugwadira.

Amene anaiyankhula kwambiri nkhaniyi ndi bambo anga, a Vincent. Iwo ndi mwini mbumba, ndiye chilichonse cha ana a mlongo wawo amachitenga ngati chawo. Komanso ndi munthu wolemekezeka kutchalitchi chathu chaching'ono cha m'mudzi. Kwa zaka makumi atatu ndiwo akhala akusunga makiyi ndi kuyala nsalu ya paguwa, yobiriwira pa nyengo yake, yofiira pa tsiku lake, yapepo nthawi ya Lenti. Aliyense amene wakhala nawo pansi mphindi khumi amadziwa kuti sanalakwitsepo n'kamodzi komwe, chifukwa amamuuza.

"Iwe Pius," anatero atamuitanitsa pakhonde, "wati zaka zingati?"

"Zinayi, amalume."

"Zinayi! Kuphunzira kulemba chikwangwani? A Justin a pa Golomoti aja amalemba zikwangwani za msika wonse, koma analekezera sitandade 6."

"A Justin analemba pa babashopu paja kuti 'Pano timameta anthu ndi amayi omwe.'"

"Ndipo akumetetsa! Unamvapo mayi amene anabwerera pakhomo chifukwa cha chikwangwanicho?"

Koma tsiku litakwana Pius anakwera minibasi pa Golomoti ndi sutikesi yobwereka, thumba la mpunga ndi malangizo ambirimbiri amene sanawapemphe.

Za ku Blantyre ndinazimva kwa iye mwini, zina kwa Rukia, mtsikana wa ku Mangochi wa pakamwa posachedwa amene anali naye kalasi imodzi. Rukia akuti tsiku loyamba m'chipinda cha makompyuta Pius anagwira kambewa ka kompyuta ndi manja awiri, ngati akuopa kuti kathawa. Anzake ena anafika ndi malaputopu awoawo, oti anayamba kuseweretsa ali ana. Iye ankadikira kuti a sukulu atsegule chipinda m'mawa, n'kukhala woyamba kulowa, womaliza kutuluka.

Mphunzitsi wawo wamkulu anali mayi wina wamfupi, wa magalasi, amene ophunzira anamupatsa dzina loti a Chotsani. Lachisanu lililonse aliyense ankamata ntchito yake pakhoma, kalasi yonse n'kuimirira ngati pa bwalo la milandu, mayiwo n'kumayenda pang'onopang'ono manja ali kumbuyo.

"Nyenyezi iyi ikutani apa? Chotsani."

"Maluwa awa akulira maliro a ndani? Chotsani."

"Mwalemba mawu anayi ndi mitundu isanu ya zilembo. Mukukangana ndi ndani? Chotsani."

Mnyamata wina wa ku Zomba anamuchotsetsa zinthu mpaka pepala linatsala loyera. Iwo analiyang'ana n'kunena kuti, "Eya, tsopano layamba kuoneka bwino."

Chaka choyamba a Chotsani sankalola mitundu. Chakuda ndi choyera basi. Ankati munthu amene sangathe kunena nkhani yake ndi ziwirizi, utoto ungomuthandiza kunama. Apa Pius anali mfumu. Mwezi wathunthu anaumalizira pa kujambula zilembo pamanja, chilembo chimodzi kachikwi, kuyeza mimba ya b ndi mchira wa y, ndipo iye ankasangalala ngati akudya nyama. Pepala lake likafikiridwa, mayi aja ankaima, n'kusuzumira, n'kudutsa osanena kanthu. M'kalasi imeneyo kumeneko kunali kuyamikira kwakukulu.

Atabwera ku holide tinapeza kuti sukulu yamuwononga. Kuyenda naye pa Golomoti kunali chilango. Ankaima pa golosale iliyonse n'kumabuula.

"Taona mpata wa pakati pa G ndi O apo. Mungadutse ngolo ndi ng'ombe zake."

"Iwe, anthu akufuna mchere muno," ndinamuuza. "Palibe amene wabwera kudzagula mipata."

Chaka chachiwiri ndiye kunabwera mitundu. Ntchito yoyamba inali yokonza chikwangwani cholimbikitsa anthu kupereka magazi kuchipatala. Pius anachita monga anaphunzirira: sanadzaze zinthu. Anajambula dontho limodzi lalikulu pakati pa pepala, pansi pake mawu awiri okha, "Patsaniko mnzanu." Mtundu wa donthowo anausankha yekha pakompyuta, ndi maso ake, n'kukhutira nawo. Anasindikiza, Lachisanu n'kumata pakhoma.

Dontholo linali lobiriwira. Rukia akuti silinali lobiriwira mosangalatsa ngati mpunga wanthete ayi, koma ngati ndowe ya ng'ombe imene yadya msipu woyamba wa dzinja.

A Chotsani anaima nthawi yaitali.

"Bambo Pius, tafotokozani."

"Ndi dontho la magazi, madamu."

"Magazi a ndani? A bilimankhwe?"

Kalasi inaphulika. Pius anachita zimene ankachita kuyambira ali mwana: anaseka nawo, mokweza kuposa onse. Koma mayiwo sanaseke. Ankamuyang'ana m'maso. Kenaka anapempha mpango wofiira umene Rukia anafunda kumutu pamwamba pa unzake, n'kuugundanitsa ndi pepala lija.

"Mpango uwu ndi dontho ili, zikusiyana bwanji?"

Pius anayang'anitsitsa. "Mpangowu ndi wakuderako pang'ono."

"Basi?"

"Basi, madamu."

Kuseka kunazima ngati magetsi.

Lolemba anamuitanira ku ofesi. Anamutsegulira kabuku ka zithunzi zozungulira, zodzadza ndi timadontho tamitundumitundu, n'kumufunsa nambala imene akuona pakati. Pius anati 21. Anaitana mlembi wa muofesimo amene ankadutsa ndi kapu ya tiyi, iye osaima n'komwe anati 74. Anatsegula tsamba lina. Mlembi anaona nambala, Pius anangoona timadontho.

Mayiwo anavula magalasi n'kumuuza bwinobwino, mopanda chipongwe kwa nthawi yoyamba. Maso ake sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, ndi mitundu ina yoyandikana nayo. Anabadwa choncho. Si matenda oti angamuphe kapena kumuchititsa khungu, koma mankhwala ake kulibe. Zimagwira kwambiri amuna, ndipo nthawi zambiri zimadzera kuchikazi.

Pius anafunsa kuti, "Ndiye kuti mbuzi ija inalidi yobiriwira?"

Mayiwo sanadziwe kuti akunena mbuzi iti.

Patangopita masiku awiri tinangomuona akutsika kabaza ndi sutikesi, teremu ili pakati. Anadzitsekera m'nyumba, osanena chimene chachitika. Lamulungu titaweruka kutchalitchi bambo anga anaitanitsa banja lonse pansi pa mtengo wa mango wa kwa azakhali. Analipo a Jeremiah, azakhali, ineyo, ndi mayi anga a Sabina, amene anabwera ndi lichero la mtedza woti azisenda, poti iwo misonkhano ya mbumba ya eni ake amangoimvera ndi khutu limodzi.

"Akuthamangitsa?" anafunsa a Jeremiah.

"Ayi. Ndasiya ndekha."

"Wapereka mimba?"

"Ayi, abambo."

Bambo anga anakhosomola mokhutira. "Ndinanena ine. Sukulu yojambula! Tauzani anthu, chakukanika n'chiyani? Pensulo yalemera?"

Pius anafotokoza zonse, mawu ali pansipansi. Anati munthu wosaona mitundu kuphunzira ntchito imeneyi n'chimodzimodzi wogontha kulowa kwaya. Palibe amene anamvetsa. A Jeremiah anamulozera malaya awo n'kufunsa ngati akuwaona. Iye anati akuwaona. "Nanga vuto lili pati?" Pamenepo Pius anatulutsa foni, mmene anasungamo zithunzi za timadontho zija, n'kupatsira mayi ake.

"Sevente folo," anatero azakhali.

A Jeremiah anati sevente folo. Ine ndinati sevente folo. Bambo anga anapukuta magalasi awo owerengera Baibulo, n'kulandira foni ngati akulandira mlandu wophweka.

"Twente wanu. Nanga chovuta n'chiyani apa?"

Tonse tinayang'anana. Ngakhale nkhuku zinaleka kupalasa.

"Abambo," ndinatero, "ndi sevente folo."

"Iwe, ndinayamba kuwerenga usanabadwe. Thuu uyu, wanu uyu."

Pius anadzuka pamene anakhala, nkhope yake ikuwala koyamba chibwerere. Anawaonetsa chithunzi china. Ife tonse tinaona nambala. Bambo anga anatembenuza foni chadodolido, n'kuibweza, n'kunena kuti apa palibe kanthu, ndi timadontho chabe, ndipo ngati tapangana kuti tiwachititse manyazi Lamulungu, Mulungu akutiona.

"Zaka makumi atatu ndikuyala nsalu paguwa! Yofiira, yobiriwira, yapepo. Ndinalakwitsapo liti ine? Anene munthu pano!"

Mayi anga sanadzutse n'komwe mutu pa lichero.

"Chaka choyamba, pa Pentekoste. Munayala yobiriwira. Ansembe anangoyang'ana kudenga."

"Amake Edna!"

"Nsaluzo amachapa ndani? Amasita ndani? Loweruka lililonse ndimakuikirani yoyenera pampando, inu n'kunyamula ngati mwasankha nokha. Zinazo ndimazitsekera m'sutikesi." Anaponya makoko pansi. "Ndipo poti zayambika, thalauzi lanu lotuwa mumalikonda lija si lotuwa. Ndi la pinki."

"La pinki?"

"Ngati diresi la mwana wa ubatizo. Ndinalibisa kawiri, inu n'kulipeza."

A Jeremiah anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka anatsika pampando n'kukhala pansi. Ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe. Nditabwerako ndinapeza azakhali sakuseka. Anali atagwira dzanja la Pius, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndiye ndinkangokumenyera chabe, mwana wanga? Tomato uja sunkamuonadi?"

"Sindinkamuona, amayi."

Azakhali anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Koma kufinya kuja kunali kwadala."

Amene anaimaliza nkhani ndi mayi anga. Anati, "Pius, amalume akowa agwira ntchito ya mitundu zaka makumi atatu osadziwa kuti saona, ndipo anthu akupemphera bwinobwino. Iwe ukudziwa. Ukulira chiyani? Pita ukapeze wokuikira nsalu pampando."

Bambo anga anali akuyang'anabe foni ija. Atayankhula, mawu awo anali a munthu amene walumidwa koma sakufuna kuonetsa bala.

"Mawa ukwere minibasi. Asamati anthu a mtundu wathu amalephera sukulu chifukwa cha timadontho. Ifeyo timaona bwinobwino. Timangoona zathu."

Sabata yomweyo munthu amene ankanyoza sukulu yojambula anayamba kuuza anthu kumsika kuti mphwawo anatengera iwo.

Pius atalowanso m'kalasi, a Chotsani anangoti, "Mwabwera? Ndimayesa mwakafera kumudzi. Khalani pansi." Kenaka anamuonetsa chinthu chimene anzake ankachidziwa koma osachilabadira: mtundu uliwonse m'kompyuta uli ndi nambala yake. Pius anagula kakope kakang'ono n'kuyamba kulemba. Magazi, nambala yakuti. Msipu, nambala yakuti. Dzira, thambo, dothi la katondo, khungu la munthu. Anaziloweza ngati katekisimu. Anzake akamati chofiirachi chikome pang'ono, iye ankafunsa kuti chikome ndi zingati.

Pamene nambala zalephera, panali Rukia.

"Rukia, ichi?"

"Ndowe."

"Ichi?"

"Chitenje cha agogo anga. Bwerera kumene unali."

Iyenso ankamuthandiza Rukia pa zilembo, poti mtsikanayo mitundu ankaidziwa ngati anabadwira m'chitini cha penti, koma zilembo zake zinkayenda ngati zaledzera. Kalasi yonse inkati awiriwa akwatirana. Ifenso kumudzi tinayamba kufunsana za mmene tikayankhulire ndi Asilamu a ku Mangochi. Rukia atamva anaseka. Anati iye sangakwatiwe ndi mwamuna woti akavala diresi latsopano azimufunsa nambala yake.

Chaka chomaliza aliyense ankayenera kusankha vuto lenileni n'kulikonza. Ena anasankha mabotolo a zakumwa, ena magazini a mafashoni. Pius anakumbukira mabotolo a mankhwala opopera tomato amene mayi ake amasunga kuseri kwa chitseko. Pansi pa pepala la botolo pamakhala mzere wa utoto: wofiira ngati mankhwalawo ndi oopsa kwambiri, wobiriwira ngati ndi ocheperako ukali. Kwa iye ndi amalume ake mizere iwiriyi inali umodzi. Kwa amene sadziwa kuwerenga Chingerezi, mawu onse a pabotolopo anali nyerere chabe. Anaganiza zokonza zizindikiro zoti munthu amve ngakhale zitasindikizidwa ndi inki yakuda yokha.

Anajambula zigaza za munthu: chimodzi kwa ocheperako ukali, zitatu kwa oopsa zedi. Anajambula munthu womanga kansalu pakamwa, manja ovala magolovesi, mwana ali kutali ndi botolo. Pa holide anasonkhanitsa alimi a kudimba kuti ayese ngati zikumveka, ine n'kumamulembera mayankho.

Bambo wina anayang'ana mapepala onse mofatsa, n'kuloza. "Wa zigaza zitatuyu akupezeka sitolo iti? Amenewa ndiye mankhwala. Enawa ndi madzi."

Mayi wina anati munthu womanga kansalu pakamwayo ndi wakuba, ndipo chithunzicho chikuchenjeza kuti botolo uzilibisa. Wina anati chigazacho chafanana ndi apongozi ake. Za magolovesi anafunsa kuti awapeza kuti, poti iwo amavala majumbo a shuga.

Pius anabwerera kunyumba atakwiya, akuti anthu a kuno ndi osaphunzitsika. Mawa lake anajambulanso. Anachotsa magolovesi n'kuika majumbo omanga ndi mphira. Wakuba uja anamupatsa chopopera kumsana kuti aoneke kuti ndi mlimi. Pambali pa zigaza zitatu anaikapo munthu atagona pamachira. Anabwereza kasanu ndi kawiri, mpaka tsiku lina gogo wina amene sanapondepo m'kalasi anatenga pepala n'kulifotokoza lonse molondola, n'kufunsa ngati angapite nalo kwawo akamate pachitseko. Mu lipoti lake Pius analemba zonse, ndi za apongozi zomwe. Rukia akuti a Chotsani powerenga anaseka mpaka kutsokomola, ophunzira n'kumasuzumira pawindo kuti aone ngati akudwala.

Anakhoza bwino kwambiri. Ku mwambo wolandira digiri tinapita anthu asanu ndi mmodzi pa makadi a anthu awiri. Bambo anga anavala thalauzi lawo lija, mwadala tsopano, akuti ku Blantyre kulibe amene amawadziwa.

Zizindikiro zake palibe kampani imene inazitenga. Lipoti lili pa shelefu ku yunivesite, likudyedwa ndi fumbi. Koma mlangizi wina wa kuno anachulukitsa mapepalawo pa fotokope, ndipo mukalowa m'masitolo ena ogulitsa mbewu pa Golomoti ndi ku Mtakataka muwapeza pakhoma, atayamba kufiira ndi dzuwa.

Ntchito anaisaka chaka chathunthu ku Lilongwe. Anaipeza pa malo ena osindikizira, n'kugwira miyezi isanu ndi itatu, akungokulitsa zithunzi za anthu ofuna kuoneka onenepa pa makalendala. Anatopa nazo n'kubwerera. Lero ali ndi kachipinda kuseri kwa chigayo pa Golomoti, muli laputopu, makina osindikizira ndi mpando umodzi wa alendo. Amakonza mapepala omata pa matumba a mpunga a magulu a alimi a ku Bwanje, makadi a ukwati, mapologalamu a maliro, zizindikiro za matimu a mpira. Ntchito zina zimachokera m'tauni pafoni, kwa anthu amene sanamuonepo ndipo sadziwa kuti chigayo chikalira iye amamanga mutu ndi thaulo. Makasitomala a kuno amafuna chilichonse chilowe papepala limodzi: nkhunda, mphete, Baibulo, mtima, ndi galimoto imene alibe. Iye amayesa kuwachotsetsa. Nthawi zina amapambana.

Mwezi wa Okutobala akukwatira. Mkazi wake ndi Modesta, mphunzitsi wa ku Mtakataka, amene anabwera kudzakonzetsa chinsalu cha tsiku la masewera a pasukulu n'kukangana naye maola awiri pa za kukula kwa dzina la a hedimasitala. Khadi la ukwati wake Pius analikonza mwezi wathunthu. Pepala loyera, mayina awiri a zilembo zakuda zojambula pamanja, kamzere kamodzi kopyapyala, tsiku ndi malo. Ine ndinaliona, ndipo ngakhale sindifuna kumuyamikira, linali lokongola.

Analitengera ku komiti ya ukwati. Azakhali ake a Modesta analitembenuza kumbuyo, n'kulitembenuzanso.

"Wamwalira ndani?"

"Ndi khadi la ukwati, amayi."

"Ukwati wa mwana wathu? Wakuda ndi woyera ngati chikalata cha kukhoti? Anthu adzabwera ndi nkhuni m'malo mwa mphatso."

Pius anayamba kufotokoza za mpata, kuti pepala nalonso limafuna kupuma. Ankhoswe anamuuza kuti pepala lidzapuma ukwati ukatha. Komiti inagamula: mitundu ya ukwati ndi pichi ndi golide, pakhale nkhunda ziwiri, mphete, maluwa m'makona onse anayi, chithunzi cha akwati atatsamirana, ndi mayina a anthu khumi ndi awiri olandira mafoni.

Mawa lake Modesta anakhala pa mpando wa alendo uja, n'kumaloza ndi chala, Pius n'kumaika. Nkhunda ikwere. Maluwa achuluke. Golide awale. Anasindikiza makadi mazana awiri, koma dzina la bizinesi yake, limene amaika kumbuyo kwa khadi lililonse, apa anakana kuikapo.

Langa anabweretsa yekha kunyumba. Ndinalitsegula iye ataima pomwepo.

"Koma ndiye lakongola," ndinatero, pofuna kumupweteka.

"N'lonyansa, Edna," anayankha. "Mwayi wanga ndi woti theka la kunyansa kwakeko sindikukuona."